Za Kanyama ka m'Nyanja Kobwerera ku Ubwana, ndi Funso la Ukalamba



Mbiri yamveka pakati pa ana athu a sukulu, ndipo yafikanso m'makutu mwa akulu muno mu Mzuzu, yakuti m'nyanja ya mchere muli kanyama kosafa, kamene kakakalamba kabwerera ku ubwana. Ndiponso kuti anzeru a maiko akutali ali pafupi kupeza mankhwala ochitira munthu chomwecho. Ena aikana mbiriyi nati ndi nthano chabe. Ena akondwera nayo nati, tsono imfa yaupeza msampha wake. Ife tiyesa kuti onsewo afulumira. Kanyamako kalipodi, ndipo anzeruwo ali pa ntchito ndithu. Koma funso loyenera kulifunsa ndi ili: kodi chobwerera ku ubwanacho nchiyani, ndipo munthu atabwerera chotero, akadakhala yemwe uja kodi? Tiyambe taona kanyamako, pakuti mlandu suweruzidwa mboni isanalankhule.

Azungu atcha mtundu wa nyama zimenezi jellyfish, ndipo m'chinenero chathu mulibe dzina lake, popeza si chinthu chimene makolo athu anazolowera kuchiona. Koma mbale wake wina, wotchedwa Limnocnida, akhala m'madzi opanda mchere a nyanja ya Tanganyika ndi ya Kariba, ndipo kapena ena mwa anthu athu amene anakagwira ntchito kumeneko anamuona ali kuyandama. Thupi la nyamazi ndi lofewa ngati phala, loonekera ngati galasi, ndi maumbidwe ake akunga bowa wopanda tsinde; m'mphepete mwake mulendewera tizingwe tambiri togwirira chakudya. Kamene tinena ife katchedwa Turritopsis dohrnii. Ukulu wake ndi mamilimita 4 kapena 5, ndiko kuti sikaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Kalibe mafupa, kalibe mtima, kalibe magazi, kalibenso ubongo. Wanzeru wa ku Germany, August Weismann, ndiye anakatcha dzina m'chaka cha 1883, polemekeza Anton Dohrn amene anamanga nyumba yophunziriramo za m'nyanja ku Naples, m'dziko la Italy.

Makulidwe a nyama za mtundu uwu ndi otere. M'dzira mutuluka kamphutsi kosambira. Kamphutsiko kamamatira pa mwala pansi pa madzi, nikamera ngati kaudzu ka nthambi. Pa nthambizo paphuka timabowa tija, nitithothoka, nitisambira, nitikhwima, nitibala mazira, ndipo potsiriza tifa. Njira ndi imodzi yokha, yopita m'tsogolo, monga mbululu isanduka chule koma chule sasandukanso mbululu. Koma taonani chodabwitsa cha Turritopsis. Kakavulazidwa, kapena kakasowa chakudya, kapena kakakalamba, kafupikitsa tizingwe take, nikakhwinyata, nikamira, nikagona pansi ngati dontho la phala; ndipo atapita masiku awiri kapena atatu, pa dontho lija pamera kaudzu ka ubwana kaja, ndipo pa kaudzuko padzaphukanso timabowa tatsopano. Zili monga chule wokalamba atasungunuka nasandukanso mbululu.

Anayamba kuona zimenezi ndiwo anyamata awiri ophunzira, Christian Sommer ndi Giorgio Bavestrello, ku gombe la Italy pafupi ndi Genoa m'chaka cha 1988. Ndipo mu 1996 Stefano Piraino ndi anzake analongosola bwino machitidwe ake. Pambuyo pake Shin Kubota wa ku Shirahama, m'dziko la Japan, anaweta tinyamati m'mbale zagalasi, natidyetsa ndi dzanja lake, ndipo anaona mbewu imodzi ili kubwerera ku ubwana kakhumi m'zaka ziwiri. Mu 2022 anzeru a ku Oviedo, m'dziko la Spain, anawerenga malembo a chibadwa a kanyamaka, otchedwa DNA, kufuna kudziwa chinsinsi chake. Chotero amene ati ndi nthano alakwa: umboni ulipo.

Koma amene ati kanyamako nkosafa ayenera kumva zinthu zitatu. Choyamba, kamafa ndithu. Nsomba zikadya, nthenda zikagwira, ndipo ngakhale m'mbale za anzeru tambiri tifa tikapanda kusamalidwa. Kalambalala khomo limodzi lokha la imfa, ndilo ukalamba. Makomo ena onse ali chitsegukire.

Chachiwiri, pa dontho limodzi lija sipatuluka kanyama kamodzi, koma kaudzu kophuka tambiri. Tsono mwa tonseto, kakale kaja ndi kati? Abale athu a ku Nkhata Bay adziwa bwino fanizo lake. Mlimi wa chinangwa safesa njere. Adula phesi nalibzala, ndipo chaka china adula mapesi pa chomera chimenecho nawabzalanso. Chinangwa chimene apangira kondowole lero chingathe kukhala thupi lomwe lija limene agogo ake anabzala kalekale. Kodi tidzati chinangwa nchosafa? Inde, tingatero, koma palibe munthu wasirirapo moyo wa phesi la chinangwa.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, kanyamako kabwerera ku ubwana mosavuta chifukwa kalibe kanthu kotaya panjira. Kalibe ubongo wosungamo dzulo. Sikadziwa make, sikadziwa mwana wake. Palibe anakalakwira kuti kamkhululukire, palibe amene kanamlonjeza kanthu. Kangathe kusungunuka konse, pakuti m'kati mwake mulibe mwini wake woti anene, Ndine. Pano mpamene pagona mlandu wathu wonse.

Tione tsono za anzeru amene afuna kubweza ukalamba wa munthu. Thupi la chamoyo chilichonse limangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Pachiyambi, m'mimba mwa mayi, maselo onse afanana. Koma pokula agawana ntchito, ena akhala khungu, ena mnofu, ena diso, ndipo selo ikalandira ntchito yake siibwezanso. Kanyama kaja kasiyana nafe pamenepa, pakuti maselo ake atha kutula ntchito yawo ndi kutenga ina. Kale anthu anayesa kuti m'thupi la nyama zazikulu zotere nzosatheka. Koma mu 1962 John Gurdon wa ku England anatenga chapakati cha selo ya m'matumbo a mbululu, nachiika m'dzira la chule, ndipo panabadwa mbululu yamphumphu. Potero anaonetsa kuti selo yokhala nayo kale ntchito isungabe malangizo a thupi lonse. Ndipo mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto anapeza zinthu zinayi za chibadwa, zimene zikaikidwa m'selo ya khungu la mbewa, seloyo ibwerera nikhala monga ya mluza. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2012.

Tamverani tsono chimene chinatsatira. Mu 2013 anzeru a ku Madrid anayesa zinthu zinayi zija m'thupi la mbewa zamoyo, ndipo mbewazo sizinasanduke zazing'ono, koma zinamera zotupa. Chifukwa chake nchiyani? Selo yobwerera kotheratu ku ubwana iiwala ntchito yake; ya m'matumbo sidziwanso kuti ndi ya m'matumbo, ningoswana chiswanire popanda mwambo, ndipo kumeneko ndiko kuyamba kwa chotupa. Chifukwa cha ichi anzeruwo anasintha njira, nayamba kubweza maselo pang'ono pokha, kuti atsitsimuke koma asaiwale chimene ali. Potero mu 2016, ku Salk Institute m'dziko la America, Juan Carlos Izpisúa Belmonte ndi anzake anatalikitsa moyo wa mbewa zobadwa ndi nthenda yokalamba msanga, pafupifupi ndi limodzi la magawo atatu. Ndipo mu 2020 a ku Harvard anapenyetsanso mbewa zokalamba zimene maso awo anayamba kuchita chidima. Izi ndi ntchito zazikulu, ndipo sitizipeputsa. Koma nza mbewa. Mankhwala otsimikizika obweza munthu wokalamba ku unyamata palibe. Munthu amene zaka zake zinatsimikizidwa kuti zinaposa za onse ndiye mayi wa ku France, Jeanne Calment, amene anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122.

Taonani, abale, mmene mboni ziwirizi zivomerezana. Kanyama ka m'nyanja kabwerera ku ubwana pakuti kalibe choiwala; selo ya mbewa ikabwerera kotheratu, iiwala niwononga thupi. Mtengo wake wa kubwerera ndiwo kuiwala. Ngati zitero ndi kanjerwa kamodzi ka thupi, koposa kotani nanga ndi munthu wathunthu?

Pakuti zaka za munthu sizili ngati dzimbiri pa khasu, loti ungalipale khasu nkukhala latsopano. Zaka ndizo zinasula khasulo. Tiganizire za mudzi wathu uno. Mzuzu unayamba m'zaka za m'ma 1940 ngati munda wa mitengo ya tung, nulandira ulemu wa mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 220,000. Ku Chiputula, ku Katawa, ku Zolozolo alipo okalamba amene anaona tchire pamene lero pali misika, amene anaika anzawo m'manda, nalera ana ndi adzukulu, naphunzira ndi misozi kusiyanitsa mawu oona ndi mawu okoma. Wina akadza kwa gogo wotere nati, Imwani ichi, mudzakhalanso buthu, koma simudzakumbukira mwamuna wanu, kapena maina a ana anu, kapena nyimbo imene amayi anu anakutonthozani nayo. Kodi gogoyo wapulumuka imfa? Iyayi, wamwalira popanda maliro, ndipo pa mphasa pake pakhala mlendo. Chimene tiopa pa imfa si kutha kwa mnofu kokha, koma kulekana ndi iwo amene tiwadziwa ndi kutidziwa. Ndipo unyamata wogula ndi kuiwala utilekanitsa nawo chimodzimodzi.

Kapena wina adzati, Inu mukometsa ukalamba chifukwa simunaulawe wonse. Kodi simuona nyamakazi, ndi mano oguluka, ndi maso a ng'ala, ndi usiku wosagona? Tivomera kuti mawuwo ngoona, ndipo sitinena kuti zowawa nzabwino pa zokha. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri: zowawa za ukalamba, ndi ukalamba weniweni. Kuchotsa zowawazo ndi ntchito ya chifundo. Dokotala amene achotsa ng'ala m'diso la nkhalamba, kuti ionenso nkhope za adzukulu ake, waibwezera kanthu ka unyamata osailanda kanthu. Ndipo ngati anzeru aja adzapeza njira yotsitsimutsa mtima wotopa kapena mawondo olema, munthuyo nakhalabe yemweyo, tidzayamika monga tiyamika katemera ndi magalasi a maso. Chimene tikana ndi maganizo akuti imvi nzo nthenda, ndi kuti munthu wa makwinya ali ngati nsalu yakutha. Wofuna kuchiza nkhalamba aikonda. Wofuna kuti nkhalamba zisaonekenso adana nazo, ngakhale adziyesa wachifundo.

Winanso adzati, Ngati munthu ndiye kukumbukira kwake, nanga gogo amene ukalamba wamlanda nzeru, wosadziwanso mwana wake, si munthu kodi? Funso ili nlolemera, ndipo yankho lake litisiyanitsanso ndi kanyama kaja. Kanyamako kakasungunuka palibe wokakumbukira. Koma gogo akaiwala, ife sitinaiwale. Dzina lake lili m'kamwa mwathu, ntchito zake zili m'matupi mwathu, pakuti tinakula ndi nsima ya manja ake. Umunthu susungidwa m'mutu umodzi wokha; tisungirana. Pamene iye sakhozanso kunyamula mbiri yake, ndi ife oyenera kumsenzera, monga iye anatibereka kumbuyo tisanadziwe dzina lathu.

Ndipo pano tiyenera kunena mawu owawa. Pamene maiko ena ali kufunafuna njira yotalikitsira masiku a okalamba, m'dziko lathu alipo ofupikitsa masikuwo ndi miyala ndi zibonga. Mu January 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi ponenedwa kuti ndiwo anatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Ndipo kuyambira pamenepo mbiri zotere sizinaleke kumveka, kumwera, pakati, ndi kuno kumpoto. Kawirikawiri wonenedwa ufiti ndiye gogo wodwala nthenda yoiwala, amene asokera usiku napezeka pa khomo la eni, osatha kunena kumene achokera. Iyeyo afunika chofunda ndi womperekeza ku chipatala, monga kwa a St John of God muno mu Mzuzu amene asamala odwala maganizo. Safunika bwalo la milandu. Lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo likhala pa pepala ngati mitima siilandira. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga mudzi wotentha dambo lake udzathawira kuti? Tingasirire bwanji moyo wosatha, ife amene titopa ndi zaka 80 za mnzathu?

Tichenjerenso ndi ogulitsa chiyembekezo, pakuti pamene pali ludzu la moyo sipasowa wotsatsa madzi. Mu 1889 dokotala wotchuka wa ku Paris, Brown-Séquard, ali ndi zaka 72, anadzibaya madzi ofinyidwa m'ziwalo za agalu ndi mbira, nalengeza kuti mphamvu zake zabwerera. Anthu ambiri anamtsata, koma iye anamwalira patapita zaka zisanu. Kwathu kuno akulu akumbukira chaka cha 1995, pamene makamu a anthu anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, poyembekeza kuchira nthenda ya Edzi. Ndipo maliro sanaleke. Chotero mukaona botolo pa msika kapena pa lamya ya m'manja, lolonjeza kubweza unyamata ndi kutchula dzina la kanyama ka m'nyanja, sungani ndalama zanu mugulire agogo bulangete, pakuti chisanu cha June muno mu Mzuzu sichinama.

Ndipo tisaiwale kuti ife tomwe taona masiku a anthu ali kutalika, osati ndi chozizwitsa cha m'nyanja, koma ndi zinthu wamba. M'chaka cha 2000 mwana wobadwa m'Malawi anayembekezeka kukhala zaka zosafika 50; pofika 2019 zinapitirira 60. Chinachita zimenezi nchiyani? Mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, amene anayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004, katemera wa ana, masikito oteteza udzudzu, madzi abwino. Mu 2022 anthu achuma anasonkha madola mabiliyoni atatu kuyambitsa kampani ya Altos Labs, yofufuza za kutsitsimutsa maselo. Sitiwachitira nsanje, ndipo kapena m'ntchito yawo mudzatuluka zabwino. Koma nkosakayikitsa kuti zikadzatuluka zidzayamba kufika kwa eni ndalama. Pakali pano, gogo wa ku Masasa amene magazi ake athamanga, kapena ali ndi nthenda ya shuga, angathe kulandira zaka zina zabwino ngati mdzukulu amperekeza kukayezetsa ndi kumkumbutsa kumwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku. Umenewu ndiwo mtela wa ukalamba umene uli kale m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa ngati tinaupereka.

Ludzu la kusafa silinayambe ndi azungu. Makolo athu anasimba kuti Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye anazengereza panjira, ndipo buluzi anamtsogolera ndi uthenga wakuti akafa adzaferatu. Tapenyani bwino nthanoyi: ngakhale uthenga wabwino umene makolowo anaulira sunali wakuti anthu adzasanduka makanda, koma kuti iwo eni adzabweranso. Analakalaka kuonananso ndi amene anawakonda, osati kuyambanso kukwawa. Ndipo chiyembekezo cha ife Akhristu chili mbali yomweyo. Sitiyembekeza moyo wa phesi la chinangwa, wongophukaphuka popanda mwini; tiyembekeza kuti Iye amene anatiumba atidziwa yense ndi dzina lake, nasunga chimene ife tiiwala, ndi kuti njira yathu ipita m'tsogolo, yosabwerera kumbuyo. Kanyama kaja kazungulira pamalo pamodzi ngati ng'ombe ya pa chikhomo. Munthu ali pa ulendo, ndipo wa pa ulendo sapempha kuti abwezedwe kumene ananyamukira.

Chifukwa chake, inu anyamata a sukulu, phunzirani za zolengedwa ndi mtima wonse, ndipo ngati wina wa inu adzakhala pakati pa anzeru ofufuza za maselo, tidzakondwera. Koma musalole kuti nzeruzo zikuphunzitseni kunyoza imvi. Inu a misinkhu yapakati, amene tsitsi layamba kuchita mawangamawanga monga lathu, kumbukirani kuti mmene tisungira makolo athu lero ndi mmene tiphunzitsira ana athu kudzatisunga ife. Ndipo inu agogo athu, musachite manyazi ndi ndodo yanu, kapena kudziyesa katundu. Simbirani adzukulu zimene munaziona, nthawi ikalipo, pakuti chuma chimenecho sichipezeka m'nyanja iliyonse. Mwezi uno, yense wa ife afunefune nkhalamba imodzi yokhala yokha pafupi ndi kwawo, akaitungire madzi, akaiwazire nkhuni, ndipo akatha akhale pansi naifunse dzina la amayi ake.

Tatha ife abale anu a ku Mzuzu.